Pansi pa Mlatho wa Hobb

Lolemba, 7 Malichi 1988

Mvula. Bondo lakumanzere.

Dokotala akuti magazi akuthamanga, ndiye ndizilemba m'kabuku aka zomwe ndadya ndi zomwe zandikwiyitsa. Chabwino. Ndadya buledi, tchizi, tiyi makapu anayi. Wandikwiyitsa ndi Trevor.

Trevor, mwamuna wa mwana wanga Rosina. Shedi yake, kampani yake, dzina pa bokosi lake. Manja anga. Ine ndimasema tinyumba, timipanda, titchalitchi. Iye amangothira mphira, kutulutsa chikombole, kuumba mazanamazana, n'kugulitsa kwa madoda a ndevu zawo omwe amasewera nkhondo patebulo ndi tiasilikali ta mtovu. Zaka zisanu ndi chimodzi tsopano. Palibe ntchito yanga inabwezedwapo.

Lero wandibwezera mlatho.

Masabata asanu ndi awiri ndili pa mlatho umenewu. Mlatho wa Hobb, wa pa ngalande ya maboti yomwe ndinabadwira. Njerwa iliyonse ndi nsonga ya mpeni. Njira ya hatchi yokoka boti kunsi kwake. Chitsulo cha pakona ndi zipsera zake, momwe zingwe zokokera maboti zinadya kwa zaka zana. Zipsera zisanu ndi zinayi. Ndimazidziwa ndi chala.

Iye kuutembenuza uku ndi uku. "Ndi wokongola, bambo, koma pamwamba papapatiza." Ati anthu ake amamata mahatchi atatuatatu pa kathabwa kamodzi, ndiye kathabwako sikakulowa pakati pa zipupa. "Tingoucheka pakati m'litali, tiwonjezere kathabwa kena."

Tingoucheka. Ngati buledi.

Ndamuuza: ukacheka mlatho, ine ndicheka makutu ako. Waseka. Amaseka ngati ketulo.

Akuufuna m'chikombole Lachisanu pa 18. Chionetsero chachikulu pa 26.


Lachiwiri, 8 Malichi

Mazira awiri. Tiyi.

Pansi pa mlatho wa Hobb ndadutsa kangati? Ndili m'mimba mwa mayi ndinadutsa. Pamsana ndinadutsa. Ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi ndinali nditagwira kale chingwe cha Sailor, hatchi yathu, malasha odzaza boti kumbuyo. Trevor wauonapo? Pa kalendala mwina.

Sukulu sindinapondeko, ndipo sindibisa. Munthu wa boma akabwera m'mbali mwa ngalande kudzawerenga ana, bambo ankangomasula boti. Zilembo ndinaziphunzira popenta mayina a maboti, zazikulu ngati mutu wa mwana. Zotsalazo anandimalizitsa malemu mkazi wanga Ada patebulo la kukhitchini, akundimenya ndi supuni. Rula sindigwira. Muyeso wanga ndi mulifupi mwa boti. Ndili ndi kamtengo kanga koimira boti pa msinkhu wa tiasilikali, ndipo zonse ndimayeza ndi kameneko. Khonde la tchalitchi, boti limodzi. Khola, maboti atatu. Pamwamba pa mlatho wa Hobb, boti limodzi ndi kachidutswa. Basi.

Trevor wati mawa madzulo tiutengere ku kalabu akauone eni masewera. Ati ndikamve ndekha. Ndipita. Akamve iwo.

Rosina: "Adadi, mukavale kolala, ndipo musakatukwane." Kolala ndivala.


Lachitatu, 9 Malichi

Sindilemba zomwe ndadya.

Chipinda cha pamwamba pa bala. Utsi. Madoda khumi ndi awiri kuzungulira tebulo la nsalu yobiriwira, marula m'manja ngati akudula suti ya maliro. Mlatho wanga pakati. Onse kuwerama. Wina mluzu. Mtima wanga myaa, pang'ono pokha.

Kenako a Pargeter. Mphunzitsi wamkulu wopuma, magalasi pa chingwe, mawu ofewa ngati batala wa padzuwa. Kutulutsa mahatchi awo a nthawi ya Napoleon, atatu pa kathabwa. Kukankhira pa mlatho. Gwa, pakamwa penipeni pa mlatho, osalowa.

"Mwaona, a Tolley? Malamulo a masewera, tsamba 14. Gulu la mahatchi siligawanika."

Ine: aphunzitsi, munayamba mwaonapo mahatchi atatu atamatidwa ziboda pa chitseko?

Kuseka. Osati kuseka iwo. Kuseka ine.

Ndati hatchi pa mlatho imadutsa imodziimodzi, ina pambuyo pa inzake, taonani. Mpeni wanga wa m'thumba. Ndimafuna kungotumula guluu. Yoyamba inachoka bwino. Yachiwiri, thyo! Miyendo iwiri kutsala pa kathabwa. Yachitatu inagwa pansi, ndipo ndinaiponda ndine pobwerera m'mbuyo.



Wina kumbuyo, wa juzi yofiira, chapansipansi: "Anthu a m'maboti amenewo." Ndinamva. Makutu a kumadzi amamva patali.

A Pargeter kugwada, kutola tizidutswa, kuika m'kachitini ka fodya. "Palibe kanthu, a Tolley." Akanandimenya bwenzi kuli bwino. Palibe kanthu! Mawu a anthu a kumtunda akafuna kukuonetsa kuti ndiwe galu.

Ndinalanda kachitiniko. Ndati wothyola ndiye wokonza. Mlatho m'khwapa, chitini m'thumba, masitepe. Trevor akundiitana, sindinacheuke.


Lachinayi, 10 Malichi

Phala la otsi. Lopserera.

Rosina m'mawa, asanavule n'khoti lomwe. Ati a Pargeter anapenta mahatchi amenewo mwezi wathunthu ali m'chipatala kudikirira mkazi wawo. Ati amagula zinthu za Trevor kuposa wina aliyense. Ati ndikapepese. "Zaka makumi asanu ndi awiri ndi chimodzi, adadi, koma mutu ngati njerwa zanu zomwezo."

Ndati njerwa zanga zimaima.

Iye: "Amayi akanakhalapo bwenzi atakukwapulani ndi supuni." Zoona zimenezo.

Trevor kumuthamangitsa sindingathe. Khoswe wa pamkhate. Ukaponya mwala waswa mwana wako.

Masana ndatsegula kachitini. Miyendo ya mtovu yowonda ngati udzu. Kuboola ndi singano, kulowetsa kawaya, kumata. Maso akulira misozi. Mwendo umodzi maola awiri.

Amapenta bwino mkuluyo, zimenezo ndilemba muno mokha. Diso la hatchi lili ndi kadontho koyera. Koma lamba wa pamimba wamuika kumbuyo kwambiri. Hatchi yeniyeni ikanamuponya m'madzi.


Loweruka, 12 Malichi

Nsomba ndi tchipisi kwa Rosina. Sizinatsike bwino.

Trevor wayankhula ngati bwana. Ati Lachinayi likafika mlatho usanakule, aucheka yekha, kapena apereka ntchito yonse ya milatho kwa munthu wina wa ku Derby amene amajambula kaye papepala. Ati, "Bambo, anthu sagula choonadi. Amagula chomwe asilikali awo angadutsepo."

Ndati ndiye uwagulitse thabwa.

"Inu mukutsimikiza bwanji kuti muyeso wanu ndi woona? Munauyeza?"

Munauyeza! Ine! Foloko ndinaisiya pa mbale bwinobwino, chifukwa mwana wanga anali pomwepo.

Mlatho uli kuno kwanga, m'bokosi la nsapato, pamwamba pa kabati. Sowo yake ifike kuno tione.

Ndaganiza. Lolemba ndikwera basi. Ndatenga chingwe cha Ada choyanikira zovala, ndamanga mfundo, boti limodzi mfundo imodzi. Ndikayeza mlatho weniweniwo, ndikabwera ndi chingwecho, ndikachiyala patebulo lawo lobiriwira pamaso pa a Pargeter ndi wa juzi yofiira uja. Aliyense achigwire. Trevor achipsompsone.


Lamulungu, 13 Malichi

Hatchi yachiwiri yaima. Yachitatu khosi lapindika, ndaliwongola ndi supuni yotentha.

Nsapato ndapolisha. Masangweji a mawa ndakonza.


Lolemba, 14 Malichi

Ndapita. Ndabwera.

Masangweji ndapatsa abakha.


Lachitatu, 16 Malichi

Dzulo sindinalembe. Sindinatuluke. Rosina anagogoda, ndinati ndili m'bafa.

Ndilembe, poti kabukuka sikaseka.

Basi inanditsitsa pa msewu wa kumtunda. Kale ndinkafika pa Hobb ndi madzi. Ulendo uno ndi phula. Kuyenda pang'ono, kukhota, ndiye ndangozindikira ndaima pamwamba pake.

Pamwamba.

M'moyo wanga wonse ndinali ndisanaimepo pamenepo. Ndafufuza m'mutu usana wonse wa dzulo, ngati munthu wofuna kiyi. Palibe. Ngakhale kamodzi. Tikanakatani? Pamwamba pa mlatho panali pa ana a kumtunda. Ankatidikirira atatsamira chipupa, masokosi oyera, zikwama za sukulu. Boti likamalowa, malovu. Nthawi zina miyala, nthawi zina ndowe za hatchi yathu yomwe. "Akuda m'khosi! Mbuli za m'ngalande!" Mayi ankaphimba mtsuko wa madzi akumwa ndi epuloni. Bambo: "Zyolika, Jabez, usawayang'ane, thamangitsa hatchi." Ndiye ndinkazyolika. Maso pa chingwe, pa chitsulo, pa ziboda za Sailor. Kulowa, kutuluka, ndikuthamanga.

Ndinayala chingwe kuchoka chipupa ichi kufika icho. Mfundo yoyamba. Ndikuyembekeza kachidutswa. Chingwe chikupitabe. Mfundo yachiwiri, ndiye chipupa.

Maboti awiri.

Ndinayezanso. Ndinasuntha, kuyeza pena. Ndinati mwina a khonsolo anaukuza chifukwa cha malole. Kutsika kunsi, kuyang'ana njerwa. Zakale zonse, mzere umodzi, palibe msoko. Zipsera zanga zisanu ndi zinayi zili pomwepo, chala chinalowa ngati dzulo. Kuyenda pansi pake pang'onopang'ono, koyamba chibadwire osathamanga. Ndi wautali. Mayi wanga ine, ndi wautali. Utali wa kunsi ndiwo mulifupi mwa pamwamba. Ine ndinkaudutsa ngati mphezi, ndiye m'mutu mwanga unafupika.

Mahatchi atatu a a Pargeter akhoza kudutsa pamwamba paja. Ndi galu pambali.

Ndinakweranso. Kutsamira chipupa pomwe ankatsamira iwo. Mwala wake wosalala ndi zigongono. Ukaona kuchokera pamenepo, munthu wa pa boti ndi kanthu kakang'ono, kamutu chabe. Ngati ka mtovu.

Ndiye kunabwera boti la anthu a tchuthi, lopentedwa ngati keke. Wowongolera chipewa cha kaputeni, chiwongolero wagwira ngati tsache. Gu! pa chitsulo changa. Mkazi wake kuseka, kundibayibitsa.

Malovu anadzaza m'kamwa. Ndikunena zoona. Anadzaza okha.

Ndinameza.


Lachinayi, 17 Malichi

Tiyi. Fodya, ngakhale dokotala analetsa. Alembe yekha.

Ndaucheka.

Ndekha, kuno, chitseko chokhoma. Sowo yanga ya mano ang'ono. Kuyambira pamwamba kutsika, pakati penipeni. Kulira kwake ngati ukucheka fupa. Kamtengo kanga ka boti kuika kawiri, osati muyeso wa kathabwa ka Trevor. Muyeso wa chingwe. Kuika thabwa latsopano, kusema njerwa zina mazana angapo kuti zilumikizane ndi zakale, kunsi komwe. Msoko ukauona ndikupatsa nyumba.

Maola khumi ndi limodzi. Msana watha.

Tsopano ukuoneka ngati mlatho wa Hobb. Ndicho chikundinyansa.

Chingwe ndamasula mfundo zonse, ndachibwezera pa mtengo woyanikira. Palibe amene adziwe. Trevor akadziwa, ndiye kuti nyumba iliyonse ndikasema azidzati, "Munaiyeza, bambo?" mpaka ndilowe m'bokosi. Ndipo bokosilo adzaliyezanso.


Lachisanu, 18 Malichi

Ndakwiya kuposa masiku onse. Dokotala akonze kabuku kena.

Ndafika ku shedi, bokosi la nsapato pa benchi. Trevor kutsegula. Kutenga kathabwa ka mahatchi atatu, kukankha. Kudutsa bwinobwino, malo kutsala.

Kundigwira paphewa. Paphewa! "Zikomo bambo pogonja. Ndikudziwa kuti si mmene ulili weniweniwo, koma mwachitira banja."

Pogonja.

Lilime linafika pa mano. Ndimuuze kuti sindinagonje, ndinalakwa? Ndimusiye aziti ndinagonja? Uku moto, uku madzi owira. Ndinangoti chotsa dzanja.

Rosina wabwera ndi keke. Wandipsompsona pa dazi. "Ndimadziwa kuti muli ndi mtima, adadi." Mtima wa chiyani? Ndili ndi chingwe.

Kenako Trevor, poti wadya kamodzi afuna kudyanso. Kuutembenuza chagada, kuloza chitsulo cha pakona. Ati timizere iti tigwira mphira, chikombole chizing'ambika msanga. Ati atimate ndi phula. "Ndani amayang'ana kunsi kwa mlatho, bambo? Patebulo anthu amaona pamwamba."

Apo ndiye ndinaphulika. Ndati pamwamba ndakupatsa, ndi panu, pakhala panu chiyambire, lavulanipo mmene mufunira. Kunsi ndi kwanga. Ukamata chipsera chimodzi, mlathowu ndiuponya mu mbaula pamodzi ndi tchalitchi, chigayo, ndi nyumba zonse zili pa shelefu apo, ndipo iwe uzikagulitsa nsalu yobiriwira.

Anayang'ana mkazi wake. Rosina: "Asiye, Trevor. Ukuona mtsempha wa pakhosiwo."

Mphira wathiridwa 3 koloko. Zipsera zonse zilimo. Ndinaima pomwepo mpaka utaphimba.


Lachiwiri, 22 Malichi

Woyamba watuluka m'chikombole. Zipsera zisanu ndi zinayi, ndawerenga ndi chikhadabo. Chikombole sichinang'ambike. Ndinangotsokomola kawiri.

Mahatchi atatu abwerera pa kathabwa kawo. Lamba wa pamimba ndinafuna kumukonza. Ndamusiya. Kulakwa kwa mwini.


Loweruka, 26 Malichi

Chionetsero. Holo yodzaza madoda ndi zikwama za pulasitiki. Fungo la anyezi wokazinga ndi makhoti onyowa. Milatho makumi anayi yatha isanakwane 2 koloko. Trevor akuyenda ngati tambala.

A Pargeter anabwera pa tebulo lathu. Ndinawapatsa kachitini. Mawu opepesa ndinali nditawakonza m'basi, koma anakanirira. Ndinangoti onani ngati aima.

Magalasi pamphuno. Kuyang'ana mwendo uliwonse, nthawi yaitali. "Sindikuona pomwe panathyoka." Ndati simungapaone.

Kenako anatenga mlatho umodzi. Rula m'thumba, kuyeza pamwamba. Kumwetulira. Kuyang'ana ngati Trevor ali pafupi, n'kutsitsa mawu.

"Maboti awiri ndendende, a Tolley. Muyeso uwu simunautengere pa kathabwa kanga. Munapitako."



Ati iwo anakulira mudzi wa kuseri kwa Hobb. Ati popita ku sukulu ankadutsa pamwamba pake m'mawa ndi masana, zaka zisanu ndi ziwiri. Ati Lachitatu lija atangouona anauzindikira, ndipo anadziwa kuti pamwamba pachepa. "Koma sindikanakuuzani pamaso pa anthu. Ndinati bola ndinamizire tsamba 14."

Kundimvera chisoni. Ine. Masabata awiri ndi theka akundisungira ulemu ngati akusungira mwana switi. Magazi ndinawamva m'makutu.

Ndinawayang'ana bwinobwino. Msinkhu wathu umodzi. Masokosi oyera.

Ndati: munkatsamira chipupa cha kumadzulo?

Anafiira mpaka m'khosi. Magalasi kuvula, kupukuta, kuvala. "Tonse tinkatero." Kenako, "Ine ndinkatero."

Sananene kuti "palibe kanthu." Ine sindinanenenso.

Anautembenuza mlatho chagada, poti maso analibe kwina kowaika. Chala pa chitsulo. Ati timizere iti n'chiyani, mpeni unaterereka? Mphunzitsi wamkulu. Mabuku chipinda chathunthu. Zaka zisanu ndi ziwiri pamwamba pa mlatho, osadziwa kuti chingwe chimadya chitsulo. Ati kunsi sanatsikeko n'kamodzi komwe. Mayi awo ankawaletsa, kuopa ife.

Ndinawauza kuti ndi mbuli. Anavomera.

Ndadya soseji. Yozizira.


Lolemba, 28 Malichi

Mvula usiku wonse, ikugwabe. Njira ya hatchi pa Hobb ikhala phala lokhalokha, lofika m'akakolo.

A Pargeter aimba foni kwa Rosina. Ati kodi ndingawaperekeze Lachitatu akaone zipsera zenizenizo, galimoto ndi yawo. Rosina wadabwa, akuti kodi mwayamba liti chibwenzi. Trevor sakudziwabe kanthu. Mkuluyo pakamwa ndi potseka, chimenecho ndimupatsa.

Munthu ameneyu sindimukonda. Ndikamuimika pansi pomwe ndinkaima ine, ayang'ane m'mwamba, aone mmene chipupa chija chimaonekera kwa mwana wogwira chingwe. Chala chake ndikachilowetsa m'zipsera zonse zisanu ndi zinayi, chimodzichimodzi, awerenge mokweza ngati ali m'kalasi.

Afunsa kuti avale chiyani.

Ndati auze avale nsapato zawo zabwino kwambiri.